Ma extension asanu otsala mu browser yathu, ndi ena amene tachotsa

Ndemangayi ndi ya anzathu olemba nkhani pa WordPress n'kumazifalitsa pa Facebook ndi WhatsApp. Ma extension (timapulogalamu towonjezera pa browser) onse tawayesa pa laputopu ya RAM ya 4 GB, yonga zogwirapo kale ntchito zimene zimagulitsidwa ku Limbe, intaneti yake ya hotspot ya pa foni. Ma extension ambiri amene amatchuka kunja anapangidwira wolemba Chingerezi wokhala ndi intaneti yosatha. Wolemba wa ku Ndirande kapena ku Chilomoni amawerengera bandulo ndi maola a magetsi, ndiye muyeso wathu ndi umenewo.

Dziwani kaye kuti Chrome ya pa Android silola extension. Ngati mumalembera pa foni, ikani Firefox, yomwe kuyambira Disembala 2023 imalola ma extension ambiri pa Android.

Woyamba kuika ndi uBlock Origin, wopangidwa ndi Raymond Hill. Anthu amamudziwa ngati wotchinga zotsatsa malonda, koma kwa ife phindu lake ndi bandulo. Mu Settings muli kabokosi kolembedwa "Block media elements larger than 50 KB". Mukakachonga, zithunzi ndi makanema olemera sizitseguka mpaka mutazidina nokha, ndipo tsiku lofufuza nkhani pa masamba makumi awiri kusiyana kwake mumakuona. Izi zimatheka pa Firefox. Pa Chrome, chisinthireni malamulo a ma extension kupita ku Manifest V3, kwatsala uBlock Origin Lite, amene amatchinga zotsatsa koma kabokosi kameneka alibe. Vuto limabwera pa tsamba lanu lomwe: zotsatsa za AdSense sizioneka, zithunzi zimene mwangoika kumene zimasowa, inu n'kuyamba kukonza chinthu chosawonongeka. Dinani chizindikiro cha uBlock muli pa tsamba lanulo, kenako batani lalikulu labuluu. Azimitsika pa tsamba lokhalo, kwina konse apitiriza ntchito.

SingleFile amasunga tsamba lonse, mawu ndi zithunzi, mu fayilo imodzi ya HTML. Netiweki ikakhala bwino m'mamawa, sungani zonse zimene mudzafune powerenga, madzulo magetsi akazima muzilemba popanda intaneti. Pamwamba m'kati mwa fayiloyo amalembamo linki ndi tsiku limene munasunga, zomwe zimathandiza chikalata cha boma kapena cha kampani chikasinthidwa mutalemba kale nkhani. Musanasunge, tsitsani tsambalo mpaka pansi kuti zithunzi zonse zitseguke. Fayilo imalemerapo kuposa tsamba lenileni chifukwa zithunzi zimasandutsidwa zilembo, ndipo zikatero zimakula ndi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Amene timamuyamikira kwambiri ndi SEO META in 1 CLICK. Ndi waulere, ndi wopepuka, ndipo amakuonetsani nkhani yanu mmene Google ndi Facebook akuionera. Mukangosindikiza nkhani, itseguleni, dinani chizindikiro chake, muone zinthu zitatu.

Choyamba, kutalika kwa mutu. Google amadula mutu ukapitirira zilembo pafupifupi 60, ndipo mawu ofotokozera a pansi pake amadulidwa cha pa 155. Chichewa chili ndi mawu ataliatali, malo amatha msanga. Mutu woti "Mitengo ya chimanga yakwera pa msika wa Ndirande" uli kale ndi zilembo 48 powerengera ndi mipata yomwe, ndiye dzina la tsamba lanu likawonjezeka kumapeto, china chake chidulidwa. Ikani mawu ofunika kumayambiriro.

Chachiwiri, mzere wa Robots, wa malangizo opita kwa Google. Mukaona mawu oti noindex, ndiye kuti mukuuza Google kuti asaonetse nkhaniyo. Kawirikawiri gwero lake ndi kabokosi ka mu WordPress, pa Settings kenako Reading, kolembedwa "Discourage search engines from indexing this site". Wokupangirani tsamba amakachonga pomanga n'kuiwala kukachotsa. Munthu atha kulemba miyezi ingapo akudabwa kuti bwanji sakupezeka.

Chachitatu, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani kwa ife, ndi gawo la Social la extension ameneyu. Owerenga athu ambiri safika kudzera pa Google, amadina linki imene yaponyedwa mu gulu la WhatsApp la mpingo, la kuntchito kapena la anthu akumudzi kwawo. Linki yopanda chithunzi anthu amaidumpha, ena amaiyesa ya akuba. Chithunzicho chimachokera pa mzere wotchedwa og:image, ndipo WordPress yoika nokha siulemba mzerewu popanda plugin yonga Yoast SEO kapena Rank Math. Ngati pa Social palibe kanthu, vuto lili pamenepo. Chithunzi chikhale mapikiselo 1200 chopingasa ndi 630 chotsika, ndipo chichepetseni chisapitirire 300 KB, poti cholemera kwambiri WhatsApp amatha kuchisiya. Mukamata linki mu WhatsApp, dikirani chithunzi chituluke musanatumize, chifukwa foni yanu ndiyo imakachitenga. Mukafulumira netiweki ili yofooka, linki ipita yokhayokha. Facebook nayo imasunga chithunzi choyamba chimene inaona. Mukasintha, pitani pa tsamba la Facebook lotchedwa Sharing Debugger, matani linki, dinani Scrape Again. Extension ameneyu sakonza chilichonse, amangoloza pamene palakwika, koma mphindi imodzi imeneyo ndi yaphindu kuposa zida zambiri zolipira.

Buffer ndi wokonzeratu nthawi yotumiza nkhani. Mwaulere amalola ma akaunti atatu, ndipo pa akaunti iliyonse mutha kundandalika mauthenga khumi. Ubwino wake kuno ndi woti uthenga umachoka pa makompyuta awo, kotero upita ngakhale laputopu yanu ili yozima. Onetsetsani nthawi mu Settings: ikhale ya Blantyre, kapena Harare kapena Maputo poti ndi imodzimodzi, apo ayi nkhani yoti ituluke 6 koloko m'mawa ituluka anthu ali mtulo. Pa Facebook amagwira ndi Page, ndipo ku WhatsApp satumiza, kumeneko ndi pamanja basi. N'chifukwa chake timamuika pambuyo pa atatu aja.

Wachisanu ndi Bitwarden, wosunga mapasiwedi mwaulere. Ngati tsamba mumalemba anthu angapo, aliyense akhale ndi akaunti yakeyake ya WordPress ndi pasiwedi yaitali, osati imodzi yotumizirana pa gulu.

Tachotsa Grammarly ndi LanguageTool, okonza kalembedwe. Pa Chingerezi ndi abwino, koma Chichewa sachidziwa, moti ndime yonse imadzaza mizere yofiira ndipo cholakwika chenicheni sichioneka. Wolemba zinenero zonse ziwiri asunge mmodzi, azimuyatsa polemba Chingerezi pokha. Tachotsanso Keywords Everywhere, woonetsa kuchuluka kwa anthu ofufuza mawu pa Google, amene wakhala wolipira kuyambira Okutobala 2019. Malipiro ake ndi a madola, pomwe pa mawu a Chichewa manambala ake ndi ochepa zedi moti simungapangirepo chiganizo. Google Search Console ndi yaulere ndipo imaonetsa mawu enieni amene anthu analemba kuti akupezeni. Amene mudakali ndi Pocket, wosunga nkhani zoti mudzawerenge, muchotseni, anatsekedwa mu Julayi 2025.

Extension aliyense amadya RAM, ndipo pa 4 GB asanu akwana. Pa Chrome dinani Shift ndi Esc pamodzi, muona amene akulemetsa makina. Chenjeraninso ndi chilolezo choti "Read and change all your data on all websites", chifukwa extension wotero amaona ngakhale zimene mukulemba mu WordPress ndi pa tsamba la banki. The Great Suspender anali wotchuka kwambiri, koma atasintha eni ake, Google anamuchotsa mu Febuluwale 2021 chifukwa munapezeka zoopsa. Pamalo polemba linki mu Chrome lembani chrome://extensions, dinani Details pa aliyense, ndipo pa Site access sankhani On click kwa onse amene safunika kugwira ntchito nthawi zonse, monga Buffer ndi SEO META in 1 CLICK. Wotchinga zotsatsa ndi Bitwarden asiyeni pa On all sites, poti popanda chilolezo chimenecho sagwira bwino ntchito.