Python ndi Tkinter Kapena Java ndi Swing: Wophunzira Asankhe Iti?

Tinene kuti mwapatsidwa ntchito yopanga pulogalamu yochezera: makompyuta awiri azitumizirana mauthenga pa netiweki, aliyense ali ndi windo lake. Mungathe kugwiritsa ntchito chinenero cholembera mapulogalamu cha Python pamodzi ndi Tkinter (yopangira mawindo) ndi socket (yolumikizira makompyuta pa netiweki), kapena cha Java pamodzi ndi Swing ndi java.net, zomwe zimagwira ntchito ziwiri zomwezo. Zonsezi n'zaulere.

Poyambira, Python ndiyosavuta. Tkinter imabwera nayo kale, ngakhale pa Linux zina mumaiika padera, ndipo mizere yochepa chabe imatulutsa windo la batani. Java imafuna kalasi (chimango cha pulogalamu), JFrame (windo la Swing) ndi zina zambiri musanaone kalikonse.

Pogwira zolakwika, Java ndiyo katswiri. Mukasokoneza mitundu ya deta, imakana pulogalamu isanayambe n'komwe. Python imangokhala phee mpaka mzere wolakwikawo ufikidwe, mwina aphunzitsi ali chiimire pambali panu.

Msampha waukulu uli konsekonse. Socket ikamadikira uthenga, windo limauma, osayankha ngakhale mudine kangati. Kudikirako kuyenera kupita ku thread ina (mbali ya pulogalamu yoyenda payokha nthawi yomweyo), koma threadyo isakhudze windo mwachindunji. Mu Swing mumadzera pa SwingUtilities.invokeLater, lamulo lopereka ntchitoyo kwa thread ya windo. Mu Tkinter mumaponya uthenga mu queue (mzere wodikirira), after() (lamulo loitana ntchito pakapita kanthawi) n'kumasuzumiramo pafupipafupi. Kwa ine njira ya Java ndiyo yolongosoka, koma ya Tkinter imakuonetsani bwino zomwe zikuchitika mkati.

Maonekedwe? Zonse n'zachikale ndithu. Swing yakhala mu Java kuyambira 1998.

Amene watsala ndi masabata awiri atenge Python. Gulu lomwe lidzagawana ntchito yolemba pulogalamu kwa chaka chonse, Java idzalisunga bwino.