Kampani ya ma konsaltanti kapena munthu mmodzi wa pa saiti: ndani aziyang'anira ntchito za khonsolo?

Mainjiniya m'makhonsolo athuwa ndi ochepa, aliyense amene anagwirako ya zomangamanga akudziwa zimenezi. Kuno ku Zomba munthu mmodzi yemweyo akaone ngalande ku Chinamwali, kalavati ku Matawale, akhale pa miting'i, madzulo asayinenso mapepala olipirira kontrakita. Kulemba wina wokhazikika kumadutsa ku Local Government Service Commission ndipo si za lero ndi lero, pomwe simenti ikangothiridwa madzi siidikira munthu. Ndiye kwatsala kuchita hayala, kaya kampani ya ma konsaltanti kaya munthu mmodzi woyang'anira ntchito pa saiti uja amati clerk of works, wa kontrakiti ya miyezi yochepa.

Kampani ili ndi ubwino wake, tisanamizane. Amabwera ndi gulu, injiniya, saveya, wina woyeza dothi ndi konkire, ndipo mmodzi akasiya ntchito ndi udindo wawo kupeza wina. Amakhala olembetsedwa, ali ndi inshulansi, zikalakwika khonsolo ili ndi pogwira. Koma tenda yake iyenera kutsata malamulo a PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu ndi ntchito za boma, ndiye miyezi imatha anthu akadali pa mapepala, mtengo nawo ndi wokwera, komanso ambiri ma ofesi awo ali ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Chimene chimandiwawa ine ndi ichi: pa tenda amaika ma CV a akuluakulu odziwa ntchito, koma pa saiti pamafika mnyamata wongotuluka kumene sukulu, nayenso kamodzi pa sabata. Akafika Lachisanu konkire inathiridwa Lachiwiri aona chani? Zitsulo zakwiririka kale, kaya anaika za 12mm m'malo mwa za 16mm, kaya anazitalikitsa kuti zikwanire, pamwamba pamangooneka posalala bwinobwino.

Apa ndi pamene munthu wa pa saiti amapambana. Tekinishani wa dipuloma wokhala konkuno ku Zomba, m'mamawa ali kale pambali pa mikisa akuwerenga mawilibala a mchenga ndi kwale pa thumba lililonse la simenti, akuletsa anyamata kuonjezera madzi poti konkire yamadzimadzi imaphweka kukankha koma mphamvu imachepa. Dothi lokwirira kalavati amaonetsetsa kuti likutsenderedwa pang'onopang'ono, mwina 150mm, kenako ina, osati kungokhuthula thiraki lonse n'kupondetsa pamwamba. Akathira konkire amakakamiza kuti azithirira madzi masiku 7 osadumphitsa. Zinthu zimenezi simungazione pa lipoti, muyenera kukhalapo.

Vuto lake ali yekha. Alibe labu, sangasinthe pulani, ndipo khonsolo ikachedwa kumulipira miyezi iwiri, nsima ya masana ayamba kumugulira ndi kapitawo, lifiti yobwerera kunyumba ndi galimoto ya kontrakita, ndiye mawa anena bwanji kuti gumulani apa? Wakudyetsa sumuloza chala.

Ena amati bwanji komiti ya chitukuko ya m'wadi izingoyang'anira. Iwowo kuwerenga matumba a simenti kuti asatuluke usiku amatha kwambiri ndipo asachotsedwe, koma musawasenzetse za zitsulo.

Ine maganizo anga, mlatho wa pa Likangala kapena Mulunguzi, kapena msewu wa tala, pamenepo pafunika kampani basi. Tonse tinaona mu Malichi 2023 nthawi ya namondwe Freddy mmene madzi amachitira kuno kummwera, ndipo ife tili m'tsinde mwa phiri, madzi amatsika ndi liwiro. Koma m'kontrakitimo mulembedwe dzina la munthu amene azikhala pa saiti tsiku ndi tsiku, akafuna kumusintha khonsolo ivomereze kaye. Ngalande, makalavati, mashedi a mumsika, zimbudzi, izi kampani ndi kuononga ndalama, lembani tekinishani, malipiro ake ndi mafuta a njinga yamoto zichokere ku khonsolo pa nthawi yake osati m'thumba la kontrakita, ndipo aziyankha kwa injiniya wa khonsolo.

Kaya mwatenga uyu kaya uyo, pasathiridwe konkire iye asanaone zitsulo n'kusayina, ma kyubu (timabuloko ta konkire toyezera mphamvu yake) apite kokayezedwa pa masiku 7 ndi 28, ndipo ndalama ya ritenshoni, imene khonsolo imasungako pa malipiro a kontrakita, isatuluke mpaka ntchitoyo itaona dzinja limodzi lathunthu.