Makorali ofewa, a LPS kapena a SPS: ndi ati angapirire mu Blantyre muno?

Ambirife oweta nsomba m'thanki tinayamba ndi mbuna za kunyanja kwathu, ndipo mbuna sizivuta: ukachotsa klorini m'madzi, pampu n'kumayenda, zimaswana zokha. Makorali a m'nyanja ya mchere safuna zoyerekeza. Korali ndi nyama ngakhale amaoneka ngati chomera, ndipo ambiri omwe timaweta ali ndi tindere m'thupi mwawo totchedwa zooxanthellae. Tinderetu timapanga chakudya ndi kuwala, korali n'kumadyako. Magulu omwe timasankhapo ndi atatu, ndipo amasiyana pa kuwala, kayendedwe ka madzi ndi kadyedwe.

Ndiyambe ndi a SPS (small polyp stony, a chigoba cholimba ndi timakamwa ting'onoting'ono), omwe amatikopa pa zithunzi: Acropora wa nthambinthambi ndi Montipora. Amafuna kuwala kwamphamvu, PAR (muyeso wa kuwala komwe tindere tija timagwiritsa ntchito) ya pakati pa 200 ndi 350, komanso madzi othamanga kwambiri. Pa ola limodzi mapampu azikankha madzi ochuluka ka 40 kapena ka 50 kuposa omwe ali m'thanki, ndiye thanki ya malita 200 ifunika malita 8,000 mpaka 10,000 pa ola. Calcium azikhala pa 400 mpaka 450 ppm, alkalinity (mphamvu ya madzi yochepetsa asidi) isamakwere ndi kutsika. Zikasokonekera, Acropora amasenda thupi lonse, nthawi zina usiku umodzi wokha, n'kutsala chigoba choyera mbee. Kudya sadya zambiri, koma chisamaliro chake n'cha tsiku ndi tsiku.

Apa ndi pomwe Blantyre amalowererapo. Magetsi akazima, ambiri amadandaula za nyale, chonsecho korali amatha tsiku kapena awiri mumdima osavutika, monga amachitira kunyanja kukachita mitambo. Choopsa ndi madzi kuima. Korali sayenda, madzi ndi omwe amamubweretsera mpweya ndi kumuchotsera zoipa. Mapampu akangoti zii, mpweya wa okosijeni umayamba kuchepa m'maola ochepa, makamaka mu Okotobala ndi Novembala, poti madzi otentha sasunga mpweya wambiri. Thanki imafuna madigiri 24 mpaka 26, ndipo ikafika cha m'ma 30 makorali amatulutsa tindere tija n'kuyamba kuyera. Choncho ndalama yoyamba ipite ku batire la pampu ya DC, yomwe sidya mawati ambiri, kenako fani yowomba pamwamba pa madzi. Madzi akaphwera onjezerani opanda mchere, chifukwa mchere umatsalira m'thanki. Chiperoni chikabwera mu Juni ndi Julayi mudzafunanso hita. Pa nyale ine ndimakonda LED: metal halide imatenthetsa madzi, ndipo machubu a T5 amafuna kusintha pafupifupi chaka chilichonse.

A LPS (large polyp stony, a chigoba cholimba ndi timakamwa tikulutikulu) ali pakati, ndipo ndi omwe amandisangalatsa. Euphyllia, uja timati hammer kapena torch, komanso Duncan, amakhutira ndi PAR ya 75 mpaka 150. Madzi aziwagwedeza pang'onopang'ono, chifukwa mnofu wawo ndi wonenepa ndipo wakhala pa chigoba chakuthwa. Mukawalozetsa pampu, mnofuwo umang'ambika. Awa amadya mukuona. Zimitsani mapampu mphindi 10 kapena 15, tengani kachubu, muwaikire tinkhanu ting'onoting'ono totchedwa mysis kapena nkhanu za m'nyanja ya mchere zodulidula bwinobwino. Kachidutswa kakangokhudza, timanja ta Duncan timakakumbatira, timapindira m'kati, kakamwa ka pakati n'kutseguka mpaka chakudya chonse chalowa. Kamodzi kapena kawiri pa sabata n'kokwanira, mukachulutsa thanki imadzaza ndere. Asiyireni danga, pakuti ena mwa iwo usiku amatulutsa timanja tataliatali toluma anzawo.

Kwa amene akuyamba kumene, ine ndikuti tengani ofewa: Sarcophyton, Discosoma wonga bowa, Xenia ndi zoanthid. Alibe chigoba cholimba, ndiye sakutha calcium ngati enawo. PAR ya 50 mpaka 150 ndi yokwanira, madzi aziyenda ka 10 mpaka ka 20 pa ola, ndipo thanki ikakhala ndi nsomba zochepa, ambiri safuna n'kudyetsedwa komwe. Sarcophyton amaopseza anthu: amadzitseka masiku angapo, thupi lake n'kumanyezimira, kenako amafundula kakhungu kopyapyala n'kutsegukanso. Musamutaye, muonjezereni madzi omuwomba kuti kakhunguko kachoke. Xenia ndiye muikeni pamwala wayekha, chifukwa amayanga ngati namasupuni mu Shire.

Chimodzi ndikupemphani, anzanga. Zoanthid ena, makamaka Palythoa, ali ndi poizoni wotchedwa palytoxin, woopsa kwambiri kwa munthu. Valani magolovesi ndi magalasi powagwira, ana asapisemo manja, ndipo musayerekeze kuwiritsa mwala womwe anamerapo, chifukwa nthunzi yake imadwalitsa nyumba yonse.

Palinso za malamulo. Makorali a chigoba cholimba, a LPS ndi a SPS omwe, ali pa mndandanda wa Appendix II wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zomwe zili pangozi, kotero kuwadutsitsa malire kumafuna zikalata, kaya abwera pa Chileka kaya pa Mwanza. Ofewa ambiri sali pamndandandawo. Zokathyola korali ku Bazaruto kapena ku Quirimbas muli patchuthi ku Mozambique, musaziganize n'komwe.

Gulu lililonse lomwe mungasankhe, madzi akhale osefedwa ndi makina a RO (reverse osmosis, ochotsa zosungunuka m'madzi), mchere wake ukhale wopangidwira makorali, osati wa kukhitchini, ndipo refractometer, chida choyezera kuchuluka kwa mchere m'madzi, iziwerenga 1.025 kapena 1.026. Kudzaza thanki ya malita 200 kumadya makilogalamu 7 kapena 8 a mcherewo, ndipo kusintha malita 20 sabata iliyonse kumadyanso magalamu 700 kapena kuposerapo. Musanaitanitse korali woyamba, dziwani komwe chidebe chachiwiri cha mchere chidzachokere ndi masabata omwe chidzatenge kuti chifike.