Land Rover ya malemu atate: kuikonza kaye, kuiphwasula, kapena kuigulitsa mmene ilili?

Pa makomo ambiri kuno ku Chipata, ku Katete mpaka ku Lundazi, pali galimoto imene inaima kalekale pansi pa mtengo wa mango, matayala anaphwa, nkhuku zimaikiramo mazira. Kwathu inali Land Rover Series III ya malemu atate. Titagwirizana kuti igulitsidwe, tinakokanakokana miyezi iwiri chifukwa aliyense anali ndi njira yake. Njirazo ndaziyika pano kuti inu amene muli ndi Peugeot 504 kapena Datsun yogona kuseri kwa nyumba muone nokha yokuyenerani.

Amalume ankati tiikonze kaye, tiipake penti, iwale. "Mkazi sapita ku ukwati osasamba," iwo amatero. Vuto lake ndi lakuti ndalama imatuluka wogula asanaoneke. Galimoto yoima zaka zambiri imafuna mabuleki, batire, matayala, mawaya amene makoswe anadya, ndi thanki yotsukidwa. Masipeya ena muitanitsa ku Lusaka, mtunda wa makilomita oposa 500, ndipo ena afika osakwana. Kenako wogula wodziwa za magalimoto akale akaona penti yatsopano amayamba kukayika, amagogoda ndi chala kuti amve pomwe mwamata. Pa Land Rover ndiye penti ilibe phindu kwenikweni: bodi yake ndi ya aluminiyamu, sichita dzimbiri. Chimene chimaola ndi chasisi yachitsulo pansi, ndi chitsulo chimene chili pakati pa injini ndi miyendo ya dalaivala. Kukonza kumathandiza ngati wogula wanu ndi mlimi wofuna kunyamula chimanga ndi mtedza, koma iyeyo adzaiyerekeza ndi yogwiritsidwapo ntchito ya ku Japan imene simwa mafuta ambiri, ndipo mtengo adzautsitsa basi.

Mlongo wanga ankati tiiphwasule. Giyabokosi payokha, difu payokha, zitseko, magalasi. Mukawerengera papepala ndalama yake imaoneka yambiri, koma imabwera pang'onopang'ono ngati madzi a pachitsime cha mu Okutobala, ndipo zabwino zikatha mumatsala ndi chigoba pabwalo. Njira iyi ndi yabwino pamene chasisi inaola kotheratu kapena mapepala anasoweratu. Za ogula zitsulo zakutha sinditayapo nthawi. Amabwera ndi sikelo, amalipira tsiku lomwelo, ndipo chaka chimene galimoto inapangidwa alibe nacho ntchito.

Ine ndinkati igulitsidwe mmene ilili, ndi fumbi lake lomwe. Simutaya ndalama kwa makanika, koma mtengo wonse umatsamira pa mapepala, ndipo apa ndi pamene tinatuluka thukuta.

White book, chikalata cha boma chosonyeza mwini wa galimoto, tinaipeza m'tiranki, koma dzina linalimo silinali la atate. Anaigula kwa mlimi wina wa fodya, anapatsana ndalama, n'kugwirana chanza, osapita kukasintha dzina. Akale ambiri ankachita choncho. Tsono kuti umwini usinthidwe ku RTSA, bungwe lolembetsa magalimoto, pamafunika white book, kalata yogulitsirana ndi mareji (ziphaso za unzika), komanso apolisi amaona nambala ya chasisi ndi ya injini kuti atsimikize kuti si yobedwa. Mwini akamwalira, wosaina ndi administrator, woyang'anira chuma cha malemu wosankhidwa ndi khoti, osati mwana aliyense amene wasunga makiyi. Kwa ife akufa anali awiri, atate ndi mlimi uja. Chimene chinatipulumutsa ndi kalata yolembedwa pamanja pa pepala la kope, imene inali m'kati mwa Baibulo la amayi, kuphatikizapo mwana wa mlimiyo amene tinakamupeza ku Petauke.

Musanalengeze pa Facebook, pitani ndi burashi yawaya mukapale chasisi. Pa Series III nambala inadindidwa kutsogolo, mbali ya kumanja, pomwe pamangika sipuling'i, ndipo inalembedwanso pa kachitsulo m'kabini. Zonsezi zifanane ndi za mu white book. Musadabwe ikakhala yaifupi, chifukwa manambala a zilembo 17 anayamba kufala cha mu 1981. Injini ikakhala yosinthidwa, nenani poyera. Kuno kumalire pali chinanso: magalimoto ena analowera pa Mwami kuchokera ku Malawi, ndiye funsani mapepala a kasitomu a ZRA, bungwe lotolera misonkho. Imene inali ya boma, ya nambala ya GRZ, pezani lisiti ya pa okushoni.

Mbiri ya galimoto ili ndi magwero awiri, ndipo sagwira ntchito imodzi. Mapepala a boma amatsimikiza kuti muli ndi ufulu wogulitsa, koma sakuuzani zambiri. Pakamwa pa anthu ndi pomwe pali nyama. Makanika wina wokalamba wa ku Kapata atangoiona anakumbukira kuti mlimi uja asanaigule inkanyamula alendo kupita ku Mfuwe, n'kutisonyeza mabowo pomwe panamangidwa mipando yakumbuyo. Nkhani yotere ku ofesi siikuthandizani, koma wogula wokonda zakale amatchera khutu, makamaka pakakhala chithunzi chakale chooneka nambala. Ilinso njira ina kwa amene ali ndi galimoto ya ku Britain: ku British Motor Museum, ku Gaydon, amapereka satifiketi yolipira yosonyeza tsiku limene galimoto inapangidwa ndi kumene inatumizidwa. Ngati wogula wanu ndi wa ku Johannesburg kapena London, itanitsani. Ngati ndi wa ku Chadiza, ndalamayo gulirani feteleza.

Ndalama zonse zimene tinawononga pa mabasi a ku Petauke, mafotokope ndi zolipira za m'maofesi sizinafike mtengo wa matayala anayi atsopano. Wogula anachokera ku Lusaka ndi lole. Anagona pansi pa galimoto ndi tochi pafupifupi ola lathunthu, anawerenga kalata ya pa kope ija kawiri, ndipo sanapemphe n'komwe kuti tiilize injini. Anatipempha chinthu chimodzi, kuti tisaitsuke. Amalume mpaka lero amati ikanapakidwa penti yobiriwira tikanapeza zambiri, ndipo nkhuku za amayi tsopano zimaikira m'khitchini.