Maphunziro a ku Ndirande aja anapulumutsidwa ndi namwino

Ndalama yolembetsa maphunziro a mmene tingathandizire munthu amene wamwa poizoni ndi yambiri ukaganizira kuti tsiku loyamba lonse linathera pa naloxone. N'zoona kuti mankhwalawa amatsitsimutsa munthu amene akulephera kupuma chifukwa cha morphine kapena codeine, koma ndi banja liti ku Ndirande kapena ku Bangwe limene lili nawo m'nyumba? Kuno timalimbana ndi tameki, mankhwala othira m'chimanga ndi mapilitsi a Panado.

Chokwiyitsa kwambiri chinachitika tsiku lachiwiri. Mayi wina atafunsa ngati n'koyenera kumwetsa mkaka munthu amene wamwa poizoni, mkulu wophunzitsa anangoti sizilakwika. Zimalakwika! Namwino amene anabwera naye ndi amene anaimirira n'kukonza: osam'patsa mkaka, mafuta ophikira kapena madzi amchere, ndiponso osam'pisa chala kukhosi, chifukwa masanzi amatha kulowa m'mapapo. Kenako anagoneka mnzake pamkeka cham'mbali, bondo lapamwamba litapindidwa, chibwano chitakwezedwa pang'ono kuti dovu lizitsikira pansi. Zovala zimene zathiridwa mankhwala muzivule, khungu mulitsuke ndi sopo, botolo kapena kapepala kake mupite nako kuchipatala cha Queens, ndipo musaiwale nthawi imene anamwa. Dovu lambiri, thukuta ndi kamwana ka m'diso kochepa ngati nsonga ya singano zikutanthauza kuti akufunika msanga atropine, mankhwala a kuchipatala olimbana ndi poizoni wotere. Za Panado anachenjeza kuti munthu amene wamwa mapilitsi ambiri amaoneka wabwinobwino tsiku loyamba pamene chiwindi chikuwonongeka, ndipo mankhwala oteteza chiwindicho amathandiza kwambiri akaperekedwa m'maola 8 oyamba. Osadikira kuti ayambe wadwala.

Apa mtima unayamba kutsika, ndipo gawo la masana linalidi labwino. Anthu anakhala awiriawiri n'kumayeserera kufunsa mosapita m'mbali kuti, "Kodi mukuganiza zodzipha?" Ambiri lilime linkawalemera, koma kufunsa chonchi sikuika maganizowo m'mutu mwa munthu, kumam'patsa mpata wolankhula. Akavomera, osam'kalipira kapena kumuuza kuti alimbe mtima poti ndi mwamuna. Mumvetsereni, musam'siye yekha, mankhwala onse a m'nyumba muwatsekere kwina, mum'perekeze kuchipatala tsiku lomwelo.

Chodandaulitsa n'chakuti sanapereke ngakhale kapepala ka Chichewa koti anthu akapachike kunyumba. Musanalipire, funsani kaye ngati namwino uja adzakhalepo.