Chitofu cha gasi: chagalasi kapena chachitsulo?

Chitofu chagalasi pamwamba chimakopa maso m'sitolo, ndipo ndiwo zikatayikirapo mumangopukuta ndi kansalu. Koma taganizani za poto wamkulu wa nsima, mthiko ukuvundula mwamphamvu tsiku ndi tsiku. Galasilo limapirira moto, koma likagundidwa m'mphepete likhoza kusweka, ndipo lina loikapo silipezeka msanga.

Chachitsulo chosachita dzimbiri chimakandika, n'zoona, kukongola kwake sikukhalitsa. Komabe ine ndimasankha chimenechi, makamaka chikakhala ndi mafuwa achitsulo cholemera, osati timawaya topindika poto akalemera. Musanalipire, apempheni ogulitsa ayatse muone: lawi likhale labuluu, chifukwa lachikasu limadetsa mapoto ndi mwaye. Funsaninso ngati chimadula chokha gasi moto ukazima.