Bokosi la zojambulira: lathandiza mwana wanga, koma mikanda ichotsedwe

Bokosili ndinaligula m'sitolo ina ya mabuku m'tauni muno mu Zomba. Anandilangiza ndi aphunzitsi a mwana wanga, omwe anaphunzira za ana aulumali ku koleji ya Montfort ku Nguludi. M'katimo muli makrayoni onenepa, penti wopaka ndi zala, dongo lamitundumitundu, mapepala, mikanda ndi sizasi.

Mwana wanga ali ndi zaka 9, anabadwa ndi Down syndrome, ulumali umene umachedwetsa kukula ndi kuphunzira kwa mwana, ndipo mawu amene amatchula ndi ochepa. Ana otere minofu yawo imakhala yofooka, n'chifukwa chake pensulo wamba imangomupulumuka. Makrayoniwa amawafumbata ndi dzanja lonse, ndipo sathyoka ngakhale akanikize mwamphamvu. Aphunzitsi anandiuza kuti ndizimata pepala patebulo ndi selotepi kuti lisamayendeyende, ndigwire dzanja lake poyamba, kenako ndimusiye. Anatinso ndisamamuuze kuti ajambule nyumba kapena galimoto. Mizere yake yokhotakhotayo ndi ntchito yakeyake, ndipo akamaliza amandikoka chitenje kuti ndione. Kale sankaitana munthu kudzaona chilichonse.

Dongolo ndiye ndalikonda kwambiri. Kufinya, kutsina ndi kuumba timipira kumalimbitsa zala, zomwezo zimene amafunika pomanga mabatani ndi pogwira supuni. Limauma msanga mukapanda kutseka bwino, makamaka kukatentha mu Okutobala. Litatha ndinayamba kukanda langa ndi ufa wa tirigu, mchere, madzi ndi timafuta pang'ono.

Penti amachoka ndi sopo ndi madzi. Ana ena safuna chonyowa m'manja, ndiye musawakakamize, apatseni kasiponji.

Chimene chandikhumudwitsa ndi mikanda. Ndi ing'onoing'ono, ndipo mwana amene amaika chilichonse m'kamwa akhoza kutsamwa nayo. Sizasi nayo ndi yosongoka. Opanga bokosili akanaganizira kuti ogula ambiri ndife makolo a ana ofunika kuwayang'anira mphindi iliyonse. Mapepala ndi ochepa komanso opyapyala, akanyowa ndi penti amang'ambika, moti ife timadula makatoni opempha kwa ogulitsa mumsika waukulu. Malangizo ali m'Chingelezi chokha, agogo ake amene amatsala naye kunyumba ku Chinamwali sangawawerenge.

Mtengo ndi wokwererapo, komabe ndidzagulanso. Makolo anzanga, mikanda ndi sizasi muchotseretu mwana asanalione bokosilo, ndipo akamajambula mukhale naye pompo.